Kalata ya GP siyokwanira pa Blue Badge: nanga amene mawu ake amamveka ndani?

Funso: Ndimakhala ku England ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Bambo akunyumba anadwala sitiroko zaka ziwiri zapitazo tili ku Malawi kukaona abale. Anagonekedwa m'chipatala konko, kenako tinabwerera kuno n'kupitiriza mafizo. Panopa amayenda ndi ndodo, mwendo wamanzere amachita kuukoka, ndipo akayenda pang'ono amafuna pokhala. Tinapempha Blue Badge, baji yoimikira galimoto ya anthu olumala, kuti tiziimika galimoto pafupi. Tinalipira a GP, adokotala athu a banja a kuno, kuti atilembere kalata, tinaphatikizanso kalata ya adokotala a kumudzi. Khonsolo yayankha kuti makalatawo sakukwanira ndipo ikufuna abambo apite akawayeze kayendedwe. Ngati mawu a dokotala sakukwanira, ndani amene angatsimikize? Tili pa viza ya ntchito. Mnzanga wa kutchalitchi ali ndi mwana wa autism, nayenso akufunsa zomwezi.

Yankho: Mayi, pepani ndi matendawa. Ine ntchito yanga ndi ya occupational therapy, yothandiza odwala ndi olumala kuti azitha kuchita za tsiku ndi tsiku, ndipo mbali ina ya ntchitoyi ndi kuyeza anthu amene apempha baji imeneyi kuno ku England. Choyamba mtima ukhale m'malo, chifukwa kalata mwalandirayo si yokukanani. Pempho lanu likadali pa tebulo, ndipo tsiku akuitanira abambolo ndi limene lingagamule nkhani yonse. Musaliphonye.

Blue Badge amapereka ndi khonsolo ya dera limene mukukhala. Si chipatala, si NHS (bungwe la zaumoyo la boma), ndipo palibe dokotala amene siginecha yake payokha ingakakamize khonsolo kutulutsa baji. Khonsolo ikawerenga mapepala n'kuona kuti nkhani ndi yoonekeratu, imatha kuvomera pompo. Ikakayikira, lamulo limafuna kuti katswiri atsimikize, ndipo katswiriyo m'malamulo amamutcha expert assessor. Lamulo lomwelo limanena mosapita m'mbali kuti katswiri ameneyu asakhale GP wa munthu wopemphayo. Ndiye a GP anu sanalembe molakwika, ndipo khonsolo sikuwanyoza. Kungoti kalata yawo, ngakhale italembedwa bwino chotani, siingakhale chitsimikizo chimene lamulo likufuna. Imangokhala umboni wothandizira.

Zimandipweteka kuti ndalama zanu zinapita. Kalata yotere si ntchito ya NHS, n'chifukwa chake a GP amalipiritsa, ndipo anthu ambiri amathamangira kumeneko poyamba chifukwa kwathu tinazolowera kuti kalata ya adokotala yokhala ndi chidindo imatsegula khomo lililonse. Makhonsolo ambiri amalemba penapake pa fomu kuti musavutike kupempha kalata kwa GP, koma amalemba m'malo amene munthu wotopa ndi shifiti ya usiku sangawaone msanga.

Chifukwa chimene anamuchotsera GP n'chomveka mukachiganizira. Dongosololi linachokera m'lamulo la 1970 lotchedwa Chronically Sick and Disabled Persons Act. Mabaji oyamba anatuluka mu 1971 ali a mtundu wa olenji, ndipo anasanduka a buluu mu 2000. Kwa zaka zambiri makhonsolo ankangofunsa ma GP. Koma GP amamuona wodwala atakhala pampando kwa mphindi zochepa, akumuyeza BP ndi kumulembera mankhwala. Nthawi zambiri sanamuonepo akutsika m'galimoto kapena akuwoloka msewu. Chinanso, n'chovuta kuti dokotala amene mwakhala naye zaka zambiri akuyang'aneni m'maso n'kukuuzani kuti simukuyenera, podziwa kuti mawa mudzabweranso kwa iye yemweyo ndi vuto lina. Zotsatira zake, amene amadziwa kukakamira ankapeza baji, amene amachita manyazi ankasowa. Kuyambira mu April 2012 boma linalamula kuti anthu opempha chifukwa cha vuto la kuyenda aziyezedwa ndi katswiri wapadera. Ine ndimagwirizana nako kusinthaku, ngakhale kuti kumachedwetsa anthu.

Musanapite patali, pali gulu la anthu amene safunika kuyezedwa n'komwe, ndipo aliyense wowerenga ayambe wadzifunsa ngati ali m'gululi. Munthu amene amalandira PIP, ndalama ya boma yothandiza olumala, ndipo anapatsidwa mapointi 8 kapena kuposerapo pa gawo la kayendedwe lotchedwa moving around amalandira baji pongoonetsa kalata ya DWP, dipatimenti ya boma yopereka ndalamayi. Mapointi 8 amenewa amatanthauza kuti munthuyo sangayende kupitirira mamita 50. Chimodzimodzi amene amalandira mlingo wapamwamba wa ndalama ya kayendedwe ya DLA (thandizo lina la boma la olumala), amene analembetsedwa ku khonsolo kuti ali ndi vuto lalikulu la kusaona, ndi ena amene anavulala pa ntchito ya usilikali. Pali msampha umodzi pa PIP. Pa gawo la kukonza ndi kutsatira ulendo, ku England amangovomera mapointi 10 a pa descriptor E, oti munthuyo sangathe kuyenda ulendo uliwonse chifukwa umamusokoneza maganizo koopsa. Munthu amatha kukhala ndi mapointi 12 pa gawo lomweli koma osadutsa pa khomo limeneli, n'kufunikabe kuyezedwa. Achikulire amene amalandira Attendance Allowance, ndalama ya okalamba ofunika chisamaliro, nawonso sadutsa, chifukwa ndalama imeneyo ilibe gawo la kayendedwe.

Kwa inu khomo limeneli mwina n'lotseka. Mwati muli pa viza ya ntchito, ndipo maviza otere amakhala ndi lamulo loletsa kulandira thandizo la ndalama za boma, lija timalitchula kuti NRPF. PIP, DLA ndi Attendance Allowance zonse zili pa mndandanda wa ndalama zoletsedwazo. Blue Badge palibe pa mndandandawo. Ndikunena izi chifukwa anzathu ambiri amaopa ngakhale kufunsa, poganiza kuti akhudza viza. Baji amayang'ana ulumali ndi komwe mukukhala, choncho inu njira yanu ndi yoyezedwa, imene mwayamba kale.

Tsopano tifike pa funso lanu lenileni. Malamulo amene akugwira ntchito kuyambira pa 30 August 2019 sapereka mndandanda wotsekeka wa maudindo. Amafotokoza munthu. Akhale ndi maphunziro a ntchito yake ovomerezeka ku United Kingdom, omuyenereza kupeza matenda, kuchiza kapena kuthandiza anthu a vuto lofanana ndi la wopemphayo. Akhale ndi luso lotha kuona mmene vutolo likukhudzira kuyenda. Asakhale GP wa wopemphayo. Ndipo khonsolo ikhutire kuti ubale wake ndi wopemphayo sungamulepheretse kunena chilungamo. N'chifukwa chake ngati muli ndi mlamu amene ndi namwino ku NHS, sangathandize pamenepa, ngakhale atakhala wodziwa ntchito chotani.

Pa vuto la miyendo, msana, mapapo ndi mtima, amene amayeza nthawi zambiri ndi a mafizo ndi a occupational therapy, olembetsedwa ku HCPC, bungwe loyang'anira ntchito zimenezi. Amenewa ndi amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi kuona munthu akuyenda. Madokotala akuluakulu a kuchipatala nawo amawerengedwa, aliyense pa mbali yake: neurologist pa matenda a ubongo ndi mitsempha monga sitiroko, Parkinson's ndi multiple sclerosis, rheumatologist pa nyamakazi, gastroenterologist pa matenda a matumbo monga Crohn's, psychiatrist ndi psychologist pa matenda a maganizo. Mfundo yake ndi yakuti luso la katswiri ligwirizane ndi vuto. Dokotala wa maso, ngakhale atatchuka bwanji, sangatsimikize za bondo.

Pali chinthu chimodzi chimene chinasintha mu 2019 chimene chili chokomera inu. Pansi pa malamulo a 2012, woyeza ankayenera kukhala munthu amene sanamuthandizepo wodwalayo. Panopa katswiri amene akumuthandiza wodwala, bola asakhale GP, khonsolo ikhoza kulandira mawu ake. Ndiye dzifunseni kuti kupatula inu, ndani kuno amene wawaona abambo akuyenda kangapo konse? Yankho ndi a mafizo a gulu la sitiroko amene ankabwera kunyumba kapena amene mumapitako, a occupational therapy amene anadzayeza masitepe ndi bafa, ndi consultant, dokotala wamkulu amene amawaona ku kiliniki. Mawu a anthu atatu amenewa ndi olemera kuposa makalata awiri munatumizawo kuphatikiza.

Ndipo kawirikawiri simufunika kupempha kalata yatsopano. Makalata alipo kale. Nthawi iliyonse abambo akaonedwa ku kiliniki, consultant amalembera a GP, ndipo kope imabwera kunyumba kapena imaoneka pa NHS App. A mafizo akamaliza ndi wodwala amalemba lipoti la mmene amusiyira. Yang'anani m'chikwama cha mapepala chija. Zikasowa, abambo ali ndi ufulu wopempha mbiri yawo ya kuchipatala popanda kulipira, ndipo lamulo limapereka mwezi umodzi kuti ayankhidwe. Apa ndiye pamene a GP amathandiza kwenikweni: ku risepushoni pemphani chidule cha mbiri ya matenda ndi mndandanda wa mankhwala.

Mukamasankha makalata oti mutumize, dziwani kuti dzina la matenda palokha silipatsa munthu baji. Anthu awiri akhoza kudwala sitiroko tsiku limodzi, wina n'kubwerera kuntchito akuthamangira basi, wina n'kumalephera kufika pa geti. Kalata yongoti wodwalayu anadwala sitiroko ndipo ndikuvomereza kuti apatsidwe baji, woyeza amaiwerenga n'kuiika pambali, chifukwa siimuuza chilichonse chimene angagwiritse ntchito. Kalata yothandiza imanena kuti munthuyo amayenda mamita angati asanaime, amagwiritsa ntchito ndodo kapena chitsulo cha kuphazi, phazi limakwakwaza pansi, wagwa kangati m'miyezi yapitayi, ndiponso kuti vutoli likuyembekezeka kukhalitsa. Chomalizachi n'chofunika kwambiri. Ku England ulumali uyenera kukhala waukulu ndi wokhalitsa, ndipo malangizo a boma amati wokhalitsa ndiye woyembekezeka kutha zaka zosachepera zitatu. Munthu amene wathyoka mwendo ndipo achira m'miyezi ingapo sapatsidwa. Abambo akhala ndi vutoli zaka ziwiri tsopano, ndiye ngati a mafizo analemba kuti afika pamene sakuyembekezeka kusintha kwambiri, chiganizo chimenecho chilembeni mzere kunsi.

Kalata ya adokotala a kumudzi musaitaye. Imafotokoza mmene matenda anayambira, tsiku lake ndi zimene anapeza, ndipo woyeza wabwino amaiwerenga. Koma ikunena za munthu wa zaka ziwiri zapitazo ali pa bedi, pamene khonsolo ikufunsa za munthu wa lero ali pa msewu. Komanso adokotalawo sali pansi pa mabungwe olembetsa a kuno, choncho sangakhale expert assessor.

Ndikuuzeni tsopano mmene tsikulo limakhalira, chifukwa apa ndi pamene anthu a kwathu timadzigwetsa tokha. Kuyeza kumayamba musanalowe m'chipinda. Woyeza amatha kudzakutengani pamalo odikirira, ndipo akuona mmene abambo akunyamukira pampando, ngati akugwira khoma, mmene akupondera, mmene akupumira akafika. Adzafunsa kuti mwabwera bwanji, galimoto mwaimika pati, mwayenda nthawi yaitali bwanji kuchokera pamenepo. Uku si kutchera msampha, ndi mbali ya ntchito. Kenako adzafunsa za matenda, mankhwala, ululu, kugwa, mmene amagulira zinthu ku shopu, ndipo adzawapempha ayende mtunda woyezedwa kale, iye akuwerenga nthawi ndi malo amene aima.

Malangizo amene unduna wa za mtengatenga unapereka ku makhonsolo ali ndi manambala othandiza kuwadziwa. Munthu amene sangathe kuyenda mamita 30 onse pamodzi amatengedwa kuti ali ndi vuto lalikulu zedi. Amene amapitirira mamita 80 popanda vuto lina looneka, kawirikawiri sapatsidwa. Pakati pa 30 ndi 80 ndi pamene woyeza amaphatikiza zina zonse: liwiro, ululu, phuma, kaimidwe, kudzandira, ndi nthawi imene munthu amafuna kuti apezenso mphamvu. Kuyenda mamita osafika 40 pa mphindi imodzi kumatengedwa kuti ndi kuchedwa kwambiri. Kuti muone m'maganizo, mamita 50 ndi pafupifupi kuchoka pa golo kufika pakati pa bwalo la mpira. Sabata ino tulukani nawo panja, muwerenge kuti amafika pa nyumba yachingati asanafune kupuma, ndipo zimawatengera mphindi zingati. Mukafunsidwa muzikayankha ndi zimene mwaona, osati zongoganizira.

Chimene ndimaona kawirikawiri kwa azibambo a kwathu ndi ichi. Munthu wavala jekete yake yabwino, wamwa mankhwala opha ululu m'mawa, wagona dzulo lonse kusunga mphamvu. Ndikamufunsa kuti muli bwanji, akuti tili bwino, tikuyamika Mulungu. Ndikamufunsa za kuyenda, akuti timayesetsa. Akafika pa mtunda woyezedwa uja amaluma mano n'kuumaliza osaima, thukuta lili kamukamu pamphumi, dzanja logwira ndodo likunjenjemera, mayi ali kumbuyo akungoyang'ana pansi. Iye akuona ngati wasunga ulemu wake. Koma woyeza amalemba zimene waona ndi zimene wauzidwa, ndipo ngati palibe amene wanena kuti bamboyu akafika kunyumba agona mpaka mawa, pepala lidzanena kuti anayenda osapuma. Woyeza wodziwa ntchito amafunsitsa, komabe sangalembe chimene mwamubisira. Paja akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Choncho kambiranani ndi abambo tsikulo lisanafike. Akamva kuwawa anene kuti kukuwawa ndipo aloze pamene pakuwawa. Akafuna kuima aime. Amwe mankhwala awo monga mwa masiku onse, atenge ndodo imene amayendera masiku onse, avale nsapato zimene amavala masiku onse. Anene za masiku abwino ndi masiku oipa, ndi kuti oipawo amabwera kangati pa sabata. Kugwa kuja kwa m'bafa kumene anakuuzani kuti musauze ana, akunene. Mbali inayo ndiyofunikanso: asawonjezere. Munthu akati sindiyenda n'komwe, koma waoneka akuchokera ku galimoto yekha, zonse zimene wanena pambuyo pake zimakayikitsa. Inu mupite nawo, ndipo woyeza akakupatsani mpata lankhulani, chifukwa ndinu amene mumaona za usiku ndi za m'mawa. Sitiroko nthawi zina imasokoneza kalankhulidwe, ndipo munthu akatopa Chingerezi chimathawa. Ngati zili choncho, imbirani khonsolo nthawi ikadalipo mupemphe womasulira kapena nthawi yowonjezera.

Musaiwalenso kutchula zimene sizioneka ndi maso. Anthu ambiri amene anadwala sitiroko amatopa mwadzidzidzi, ena saona bwino mbali imodzi, ena amasokonezeka pamalo a phokoso ndi magalimoto ambiri. Ngati abambo sazindikira galimoto ikubwera kumanzere, chimenecho ndi chiopsezo pa msewu, ndipo malamulo a panopa amachiwerengera.

Zimenezi zikutifikitsa kwa mnzanu uja. Mpaka mu 2019 mwana amene miyendo yake ili bwinobwino ankavutika kwambiri kupeza baji. Malamulo atsopano anawonjezera anthu amene kuyenda kumawasautsa kwambiri m'maganizo, ndi amene akamayenda angathe kudzivulaza koopsa kapena kuvulaza ena. Autism, dementia ndi matenda ena a maganizo zimalowa pamenepa, koma monga ndanenera kale, dzina la vuto silokwanira. Si mwana aliyense wa autism amene angapatsidwe. Khonsolo ikufuna kudziwa chimene chimachitika pakati pa chitseko cha galimoto ndi khomo la kumene akupita. Kodi mwanayo amapulumuka m'manja n'kuthamangira mumsewu? Amadzigwetsa pansi n'kukana kuyenda mpaka kunyamulidwa? Sazindikira kuopsa kwa galimoto? Zimachitika kangati, ndipo njira zimene makolo ayesa kale, monga kumugwira dzanja kapena kupita nthawi yopanda anthu ambiri, zikulephera pati?

Ana otere kawirikawiri sayezedwa poyendetsedwa pakhonde, chifukwa mwanayo akhoza kuyenda bwinobwino tsiku limenelo ndipo palibe chingaoneke. Khonsolo imadalira kwambiri mapepala a akatswiri amene amamudziwa: dokotala wa ana amene anapeza vutolo, psychologist, psychiatrist wa ku CAMHS (gulu la NHS loona za maganizo a ana), a occupational therapy. Ngati mwanayo ali ndi EHCP, pulani ija ya maphunziro ndi thanzi, aitumize yonse, chifukwa mkati mwake mumakhala malipoti a akatswiri angapo. Kalata ya kusukulu yofotokoza mmene amamutetezera pa geti ndi pa maulendo imathandizanso. Muwauze ayambe kulemba m'kope tsiku ndi tsiku zimene zachitika pa msewu ndi pamalo oimika magalimoto. Ndikudziwa kuti kulemba za mwana wako motero n'kowawa, makamaka pamene achibale ena amanena kuti n'kupusa chabe kapena kulekerera, ndipo makolo anazolowera kubisa. Koma pa fomu imeneyi mayi akafewetsa nkhani pofuna kuteteza mbiri ya mwana, amamulanda mwanayo chitetezo chenicheni.

Pali malo awiri pamene siginecha ya munthu mmodzi imatha kufupikitsa nkhani. Poyamba ndi maso. Ku England chikalata chotsimikiza vuto la kusaona, chotchedwa CVI, amasaina ndi consultant wa maso wa kuchipatala. Amene amayeza magalasi m'tauni angathe kukutumizani kwa iye, koma sasaina chikalatacho. Chikanena kuti vutolo ndi lalikulu ndipo munthu walembetsa ku khonsolo, baji amalandira osayezedwanso. Kachiwiri ndi matenda amene madokotala akuona kuti munthu mwina sangapitirire miyezi 12. Pamenepo pali fomu ya SR1, ndipo iyi GP akhoza kuilemba, monganso consultant, dokotala wa ku hospice (kosamalira odwala amene sangachirenso) kapena namwino wodziwa za matendawo monga a Macmillan, osamalira odwala khansa. Makhonsolo ambiri amafulumizitsa mapempho otere. Banja limene lili m'nyengo yotereyi lisadikire pa mzere wamba.

Mwina mwawerengapo pa intaneti kuti namwino, mzamba kapena dokotala wa mapazi akhoza kusaina, ndipo mukudabwa chifukwa chake kuno sizikutheka. Zambiri zotero ndi za ku America, kumene dongosolo ndi lina. Ku California, mwachitsanzo, fomu ya ku DMV, ofesi yoona za magalimoto, ili ndi mbali imene wa zachipatala amadzaza, ndipo lamulo limatchula amene angasaine: dokotala, physician assistant, nurse practitioner, mzamba wovomerezeka, komanso ena pa mbali yawo yokha, monga optometrist pa maso ndi podiatrist pa phazi. Kumeneko siginecha ya wa zachipatala ndiyo chitsimikizo. Kuno chigamulo ndi cha khonsolo. Ngakhale mkati mwa Britain momwemu malamulo amasiyana. Scotland ndi Wales amavomera mapointi 12 a PIP aja amene England savomera, ndipo amapereka baji kwa munthu amene vuto lake likuyembekezeka kukhalapo kwa miyezi 12 kapena kuposerapo. Choncho m'bale wa ku Glasgow kapena Cardiff akakuuzani mmene anapezera yake, mverani, koma tsatirani za England.

Za ndalama n'zachidule. Ku England baji siipitirira £10, ku Scotland £20, ku Wales ndi yaulere. Kuyezedwa kumene khonsolo yakuitanirani simulipira. Pemphani kudzera pa GOV.UK, tsamba la boma, kapena pa tsamba la khonsolo yanu basi, chifukwa pali masamba ena amene amalipiritsa pongokudzazirani fomu yomweyo. Mukafuna wokuthandizani kudzaza, a bungwe lopereka uphungu la Citizens Advice amathandiza kwaulere. Yankho limatha kutenga masabata 12, ndipo baji imagwira ntchito mpaka zaka zitatu, kenako mumapemphanso, siingobwera yokha.

Ikabwera, baji ndi ya abambo, si ya galimoto. Safunika kukhala oyendetsa kapena eni galimoto, ndipo akhoza kuigwiritsa ntchito m'galimoto iliyonse imene akwera. Koma imagwira ntchito pokhapokha iwo ali pa ulendowo, kapena mukuwasiya kapena kudzawatenga. Ndikudziwa mmene kuimika galimoto kumavutira pa ntchito yanuyo, mukuthamanga nyumba ndi nyumba mphindi zikuwerengedwa, baji ili m'galimoto momwemo. Musayerekeze. Ndi mlandu, chindapusa chimafika £1,000, baji akhoza kulanda, ndipo kwa munthu amene ali pa viza komanso ntchito yake imafuna mbiri yoyera, mlandu wotere si waung'ono. Pa mizere yachikasu abambo akhoza kuima mpaka maola atatu ngati mwaika baji ndi kawotchi kamene kamabwera nayo, kupatula pamene pali chiletso chokweza ndi kutsitsa katundu. Malo oimika a m'masitolo ndi a makampani ali ndi malamulo awoawo, muziwerenga chikwangwani. Pakati pa London, ku Westminster, City of London, Kensington and Chelsea ndi mbali ina ya Camden, baji siigwira ntchito mokwanira ngati kwina.

Zikavuta n'kukanidwa, khonsolo iyenera kukuuzani zifukwa molemba. Ku England kulibe bwalo la apilo la Blue Badge, koma mukhoza kupempha khonsolo kuti iunikenso chigamulo chake, ndipo kalata yokanayo imanena masiku amene muli nawo. Pemphaninso kope ya lipoti la woyeza, muliwerenge mzere ndi mzere. Ngati lalemba kuti abambo anayenda mamita 100 koma silinatchule kuti anaima kawiri, lozani pamenepo. Musangobwereza zimene munanena kale mokweza mawu, bweretsani umboni watsopano, ndipo apa ndi pamene kuli koyenera kupempha a mafizo kapena consultant kuti alembe mwachindunji za mamita, liwiro, kugwa ndi kukhalitsa kwa vutolo. Ngati mukuona kuti khonsolo sinatsate ndondomeko yake, mwachitsanzo sinawerenge umboni umene munatumiza, mukamaliza njira yake ya madandaulo mukhoza kupita kwa Local Government and Social Care Ombudsman, amene amafufuza kwaulere madandaulo okhudza makhonsolo. Iye sayeza miyendo ya munthu, amayang'ana ngati nkhani inayendetsedwa bwino, ndipo akhoza kuuza khonsolo kuti iyambirenso. Ndipo ngati kayendedwe ka abambo kadzaipiraipira m'tsogolo, kukanidwa kwa lero sikuwaletsa kudzapemphanso.